Amayi a banki mkhonde akufuna kumawerenga nthano zazitali: ayambire buku liti, ndipo gululo aliyendetse bwanji?

Funso lachokera kwa mayi wina wa ku Khombedza m'boma la Salima. Iwo ndi anzawo 7 a m'banki mkhonde akufuna kumawerengera limodzi nthano zazitali zolembedwa ndi amayi a masiku ano, zokamba za chikondi, banja ndi chinansi. Ambiri analekezera Folomu 4, awiri ndi aphunzitsi. Anagula Americanah ku Lilongwe koma palibe anafika nalo pakati. Amuna a mmodzi mwa iwo akuti mabuku otere amapasula mabanja. Akufunsa buku loyambira, kopezera mabuku, ndi momwe angayendetsere gululo kuti lisafere m'mazira.

Mayi, buku lomwe munagulalo ndi labwino, koma si loyambira. Chimamanda Ngozi Adichie wa ku Nigeria analitulutsa mu 2013, ndipo lili ndi masamba oposa 450. Nkhani yake siyenda molunjika. Imayambira ku America, mwini nkhani Ifemelu akupita kokalukitsa tsitsi, kenaka imabwerera ku Lagos ali mtsikana wa kusekondale, imalumphira ku England kumene Obinze, chibwenzi chake chakale, akuvutika wopanda mapepala, n'kubwereranso mu saluni muja. Komanso gawo lalikulu likukamba za tsankho la khungu la ku America, ndi nthabwala zofuna kuti munthu azidziwa kale za kumeneko. Amene watha zaka zambiri osawerenga buku lathunthu la Chingerezi, akuwerenga usiku ndi tochi atatopa, akamafika tsamba 60 amakhala ataiwala amene anakumana naye pa tsamba 20. Lisungeni, lidzakukomerani mukadzamaliza mabuku anayi kapena asanu.

Buku lililonse muziliyesa musanalipire. Tsegulani pakati, osati poyambirira, chifukwa olemba amalikometsa kwambiri tsamba loyamba. Werengani tsamba limodzi lathunthu, n'kumapinda chala pa mawu alionse omwe simukuwadziwa. Tsamba la buku lotere limakhala ndi mawu pafupifupi 300. Mukapinda zala 5 kapena 6, bukulo muyenda nalo, mawu achilendowo muziwamva kuchokera pa ziganizo zowazungulira. Zikapitirira 10, mukhala mukutsegula dikishonale kuposa bukulo, ndipo nkhani idzazilala. Maina a anthu, a malo ndi a zakudya musawawerengere. Ndipo woyesa asakhale mphunzitsi wa m'gulumo, akhale uja amene Chingerezi chimamuvutako kuposa onse, chifukwa gulu limayendera liwiro la iyeyo. Onaninso amene akufotokoza nkhani. Buku lomwe mayi mmodzi akusimba yekha za moyo wake, kumati ine ndinachita chakuti, ndi losavuta kutsatira kusiyana ndi lomwe wofotokoza akudumpha kuchoka m'mutu mwa uyu kulowa m'mutu mwa uyo.

Loyambira likhale So Long a Letter la Mariama Bâ wa ku Senegal. Mwina munena kuti lakalamba, popeza linatuluka mu 1979 m'Chifalansa n'kupata mphoto ya Noma mu 1980, koma nkhani zomwe amayi akulemba lerozi zambiri zinaphukira pamenepa. La Chingerezi lili ndi masamba pafupifupi 90, ogawidwa m'mitu yaifupiifupi. Lonselo ndi kalata imodzi. Ramatoulaye, mphunzitsi, mayi wa ana 12, amuna ake Modou angomwalira, ndipo ali m'nyumba kusunga masiku omwe Chisilamu chimalamula mkazi wamasiye, miyezi 4 ndi masiku 10. Kwanu kuno, kumene Asilamu ndi Akhristu amatunga pa mjigo umodzi, zimenezi sizifuna womasulira. Ali chikhalire m'nyumbamo akulembera mnzake wa paubwana, Aissatou, zonse zomwe zinawachitikira awiriwa.

Modou, atakhala naye zaka 25, anakwatira Binetou, mnzake wa mwana wawo wamkazi Daba. Ramatoulaye anamva ukwati utamangidwa kale, kuchokera kwa amuna atatu omwe anabwera pakhomo atavala zapaphwando: mkulu wa mzikiti, mnzake wa Modou, ndi alamu ake a Tamsir. A Tamsir omwewa, patangotha masiku 40 chimwalirire m'bale wawo, akubwera kudzanena kuti amulowa chokolo. Yankho lomwe Ramatoulaye akuwapatsa mudzaliwerenge mokweza, kawiri. Koma chomwe chimalipanga bukuli kukhala loyenera gulu lanu ndi chakuti anzake awiriwa anakumana ndi vuto limodzi n'kusankha zosiyana. Amuna a Aissatou atatenga mkazi wachiwiri mokakamizidwa ndi amayi awo, Aissatou anasiya kalata, ananyamula ana ake aamuna anayi, anakaphunzira, n'kukapeza ntchito kunja. Ramatoulaye anakhala. Palibe anamunyoza mnzake, ndipo Aissatou atamva kuti mnzake akuvutika ndi mabasi anamugulira galimoto. M'gulu la amayi 8, ena adzaima ndi uyu, ena ndi uyo, ndipo kukambirana kumayambira pamenepo.

Lachiwiri likhale His Only Wife la Peace Adzo Medie wa ku Ghana, la mu 2020. Chingerezi chake ndi chopepuka, nkhani imathamanga, ndipo muli zoseketsa. Afi, telala wa m'tauni ya Ho, akukwatiwa ndi Eli, mwana wa banja lolemera, paukwati womwe mkwati mwini wake sanabwere. Apongozi ake amusankha ndi cholinga chimodzi, kuti akachotse mwana wawo m'manja mwa mkazi wina amene akubanja sakumufuna. Mukamawerenga muziona amalume ake a Afi momwe akuthamangira mphatso, ndi ngongole ya ulemu yomwe mayi ake ali nayo kwa apongoziwo. Ukwati wa Afi wamangidwa pa ngongole imeneyo.

Stay With Me la Ayobami Adebayo, la mu 2017, ndi lamphamvu kuposa onsewa, koma likufuna chenjezo. Yejide ndi Akin akhala zaka zinayi opanda mwana, ndipo akuchimuna akubweretsa mkazi wachiwiri, Funmi. Mitu imasinthana, wina akusimba Yejide, wina Akin, choncho pa chiganizo choyamba cha mutu ulionse muziyamba mwatsimikiza kuti akuyankhula ndani. Muli imfa za ana, ndi matenda a magazi otengera kwa makolo a sickle cell. Ngati m'gulu mwanu muli mayi amene waika mwana posachedwa, kapena amene akuvutika kupeza mphatso, mutsogoleri amuuziretu pambali zomwe zili m'bukumo, asankhe yekha. Osamudzidzimutsa pagulu.

Nervous Conditions la Tsitsi Dangarembga wa ku Zimbabwe, la mu 1988, ndi lomwe mungawerenge pamodzi ndi ana anu aakazi a kusekondale. Tambu akulima chimanga chake kuti apeze fizi chifukwa ndalama zapita kwa mchimwene wake, ndipo mchimweneyo akumamubera chimangacho. Kenaka akupita kukakhala kwa atate ake aakulu, mkulu wa sukulu ya mishoni, kumene akugona chipinda chimodzi ndi Nyasha, mwana wa pakhomopo amene anakulira ku England. Purple Hibiscus la Adichie, la mu 2003, nalonso ndi loyenera atsikana, ndipo ndi lalifupi ndi lolunjika kuposa Americanah. Koma The Secret Lives of Baba Segi's Wives la Lola Shoneyin, la mu 2010, ndi la akuluakulu okhaokha. Limaseketsa, akazi anayi a pamitala aliyense akusimba zake, koma za kuchipinda limazinena mosapsatira ndipo muli nkhani ya kugwiriridwa. Lisamasiyidwe pa mpando ana akuweruka.

Ena awiri ngoti mudzawafikire mutazolowera. Changes la Ama Ata Aidoo wa ku Ghana, la mu 1991, ndi la Esi, mayi wa ntchito yabwino m'boma amene akusiya mwamuna wake n'kuvomera kukhala mkazi wachiwiri wa wina, poganiza kuti apezamo ufulu, ndipo macheza ake ndi mnzake namwino Opokuya ndiwo mtima wa bukulo. La Paulina Chiziane wa ku Mozambique, Niketche, linatuluka m'Chipwitikizi mu 2002, ndipo m'Chingerezi limatchedwa The First Wife. Rami akutulukira kuti amuna ake, mkulu wa apolisi, ali ndi akazi ena anayi, akuwasonkhanitsa, n'kuwathandiza kuyamba mabizinesi. Amayi a banki mkhonde adzalimva msanga, ngakhale chilankhulo chake chili chokuluwika ngati ndakatulo. Kwathu kuno, Walije Gondwe anatulutsa Love's Dilemma mu 1985 m'gulu la timabuku ta Pacesetters. Ndi kakang'ono ndi kosavuta, mukakapeza pa kaunjika wa mabuku musakasiye.

Kopezera. Yambani ndi kwaulere: malaibulale a sukulu za sekondale zakale amasunga mabuku a African Writers Series, momwe muli So Long a Letter, ndipo aphunzitsi anu awiri aja angafunse kumeneko komanso ku TDC, malo a maphunziro a aphunzitsi, ya m'dera lawo. National Library Service imabwereketsa mabuku kwa amene alembetsa. Ogulitsa mabuku ogwiritsidwa kale ntchito m'misewu ya Lilongwe amakhala nawo ena mwa awa, koma sawadziwa onse pamtima, choncho wopita kumeneko anyamule pepala lolembedwa maina a mabuku ndi a olemba. Asanalipire aone zinthu zitatu. Tsamba lomaliza lilipo? Manambala a masamba akutsatana, makamaka pakati, pomwe mabuku osindikizidwa mwachinyengo amabwereza gawo limodzi n'kudumpha lina? Nanga akalitsegula pakati, guluu wa kumsana akuthetheka? Mabuku a PDF omwe amazungulira pa WhatsApp ambiri ndi obedwa. Lamulo la umwini wa zolemba la mu 2016, lomwe bungwe la COSOMA limayang'anira, limaletsa zimenezo, ndipo mayi amene analemba sapezapo kanthu. Kuonjezera apo, kuwerenga masamba 280 pa foni yaing'ono mauthenga akulowa ndi njira yachidule yosiyira buku panjira. Chomwe foni imathandiza ndi nthano zazifupi. Zambiri zomwe zinapikisana pa mphoto ya Caine, yomwe inayamba mu 2000, zimapezeka pa intaneti mwachilolezo, ndipo amayi angapo anaipata, monga Okwiri Oduor wa ku Kenya mu 2014 ndi Namwali Serpell wa ku Zambia mu 2015. Nthano yaifupi imodzi imakwana msonkhano umodzi pomwe mukudikira buku.

Tsopano masamu, chifukwa magulu ambiri amafera apa. Munthu wowerenga Chingerezi modekha amatha masamba pafupifupi 10 pa theka la ola. Akamawerenga theka la ola tsiku lililonse, buku la masamba 90 alimaliza m'sabata imodzi ndi masiku awiri. Muli 8, ndiye mukakhala ndi mabuku awiri ofanana, lililonse lidutsa m'manja mwa anthu 4, ndipo pakutha pa milungu isanu ndi tsiku limodzi nonse mwawerenga. Izi n'zotheka. Koma buku la masamba 280 limafuna mwezi wathunthu kwa munthu mmodzi, ndiye ndi mabuku awiri woyamba adzadikira miyezi itatu kuti womaliza amalize, ataiwala zonse. Pa mabuku aatali gawanani awiriawiri malinga ndi kuyandikana kwa nyumba, buku limodzi pa anthu awiri, wina masana wina usiku, ndipo muzigwirizana masamba 60 kapena 70 pa sabata. Ngati mabuku anayi sakupezeka, werengani limodzilo mokweza pamsonkhano, masamba 15 mpaka 20 nthawi iliyonse. Zimachedwa, koma palibe wotsalira, ndipo amene sawerenga bwino Chingerezi amamva nawo.

Ndalama zogulira mabuku zikhale ndi thumba lake ndi kope lake, zisasakanikirane ndi masheya kapena thumba la zadzidzidzi. M'kopemo lembani dzina la buku, wotenga, tsiku lotenga, tsiku lobweza ndi siginecha. Chindapusa cha wochedwetsa chikhale chofanana ndi chomwe mumalipiritsa wochedwa kumsonkhano, ndipo wotaya buku agule lina, osati kupereka ndalama, chifukwa ndalama zimalowa kwina. Lamulo lovuta kusunga koma lofunika kuposa onse ndi lakuti buku la gulu silibwerekedwa kunja kwa gulu, ngakhale kwa mlamu. Nyengo ya kunyanja nayo simvera chisoni mabuku. Kutentha kwa mu Okutobala ndi Novembala kumaumitsa guluu wa kumsana, masamba n'kuyamba kuthothoka, makamaka buku likasiyidwa pawindo kapena likamapindidwa chikuto kumbuyo powerenga. Dzinja likafika, chinyezi chimabweretsa nkhungu, chiswe ndi mphemvu zimadya mapepala. Kutani buku lililonse ndi pulasitiki tsiku lomwe lafika, matani selotepi yaikulu kumsana lisanayambe kung'ambika, ndipo sungani onse m'ndowa ya pulasitiki yotsekera bwino, pamwamba, osati pansi kapena kutsamira khoma.

Msonkhano wa mabuku usakhale tsiku limodzi ndi wa banki. Anthu akangomaliza kukangana za ngongole sangakambirane za chikondi. Ola limodzi ndi theka ndi lokwanira. Mphindi 10 zoyambirira mmodzi afotokoze m'Chichewa zomwe zachitika m'masamba a sabatayo, ndipo wofotokoza azisintha sabata iliyonse. Kenaka wina awerenge mokweza masamba awiri omwe amukhudza. Kukambirana konse kukhale m'Chichewa. Mkati mwa chikuto muikemo kapepala ka maina a anthu a m'nkhani ndi ubale wawo, chifukwa maina achilendo ndiwo amasokoneza kuposa mawu ovuta. M'buku la Shoneyin, mwachitsanzo, akazi amatchulidwa ndi dzina la mwana woyamba monga timachitira kuno, Iya Segi ndiye amake Segi, ndipo mukazindikira zimenezo theka la chisokonezo latha.

Funso loti ndani wolakwa limatha m'mphindi zisanu, ndipo onse amavomerezana. Mafunso omwe amatulutsa zambiri ndi ena. Amene akusimba nkhaniyi akubisa chiyani, kapena n'chiyani chomwe iye sakuchiona koma ife tikuchiona? Ramatoulaye amamunena Binetou ngati mwana woperekedwa nsembe ndi mayi ake ofuna chuma, koma Binetou sanapatsidwe mpata woyankhula yekha. Akanalemba kalata yake akananena chiyani? Lina: pakhomo pamenepa ndalama zikuchokera kuti, ndipo akuzigwira ndani? M'buku la Dangarembga, Maiguru, amake Nyasha, ali ndi digiri yofanana ndi ya amuna awo, amaphunzitsa, koma malipiro awo sawaona. Amayi omwe amawerengetsa masheya sabata ndi sabata amaziona msanga zoterezi kuposa ophunzira a kuyunivesite.

Funso lachitatu ndi lomwe gulu la ku Salima lingayankhe bwino kuposa owerenga a ku London. Nkhani imeneyi ikanachitika kuno, ikanayenda chimodzimodzi? Mabuku ambiri a ku Nigeria, Senegal ndi Zimbabwe akuchokera kumene mkazi amapita kwa mwamuna ndipo ana ndi a kuchimuna. N'chifukwa chake Yejide alibe pothawira apongozi ake akamamuumiriza. Pa chikamwini cha Achewa, mwamuna ndiye mlendo pamudzi, ana ndi a mbumba ya mayi, ndipo mawu aakulu ali ndi amalume. Kodi Yejide akanakhala pamudzi pa amayi ake, akuchimuna akanalowa m'nyumba ndi mkazi wina n'kumukhazika pa mpando? Ankhoswe akanati chiyani? Koma musathamangire kunena kuti kuno kuli bwino. Amene ali pa chitengwa, kapena amene akukhala m'nyumba ya lendi pa Kamuzu Road kutali ndi abale, adzakuuzani zina. Ndipo kulanda chuma cha masiye kunafika poti Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la mu 2011 loteteza mkazi ndi ana mwamuna akamwalira. Pamaliro a Modou, momwe akuchimuna akugawira ndalama za chipepeso Ramatoulaye akungoyang'ana, ambiri a inu mudzakumbukira maliro ena ake.

Apa m'pamene pali ngozi yaikulu ya gulu lotere. Nkhani za m'mabukuwa zimafanana kwambiri ndi za anthu a m'mudzi mwanu, ndipo pakangopita mphindi 20 wina amati, ngati zija za amake uje. Kuchokera pamenepo si gulu lowerenganso, ndi bwalo la miseche, ndipo nkhani ikatuluka amuna aja adzakhala kuti ananena zoona. Lamulo likhale lakuti timatchula maina a anthu a m'buku okha. Amene akufuna kunena za moyo wake anene mwa kufuna kwake, ndipo zithere pomwepo. Onaninso amene mwakhala naye. Mayi sangayankhule momasuka za apongozi a Afi apongozi ake enieni ali pamphasa yomweyo, choncho ngati m'banki mwanu muli apongozi ndi mtengwa wawo, agaweni m'timagulu tiwiri pokambirana. Aphunzitsi awiri aja aziyankhula pomalizira, apo ayi ena onse adzakhala ngati ali m'kalasi kudikira yankho lolondola. Wothamanga amene wamaliza buku asaulule mathero, makamaka a Stay With Me, lomwe mphamvu yake yagona pa chinsinsi chomwe chimaululika mochedwa. Ndipo tsiku lina mayi wina akadzayamba kulira n'kuulula kuti akumenyedwa, tsekani buku. Awiri okhulupirika akhale naye pambali, amuuze kuti kupolisi kuli ofesi yothandiza ochitidwa nkhanza ya Victim Support Unit ndi kuti lamulo loletsa nkhanza za m'banja lilipo kuyambira 2006. Gulu lonse lisamupangire chiganizo.

Za bambo akuti mabuku amapasula mabanja, mantha awo ali ndi pochokera. Mwina akuganiza za timabuku tachikondi ta Mills & Boon, momwe mwamuna amakhala wolemera, wamtali, wosatopa, ndipo nkhani imathera pa ukwati. Mabuku tatchulawa amayambira pomwe timeneto timathera, ndipo salangiza munthu kuti achoke kapena akhale. Esi wa m'buku la Aidoo anachoka, ndipo ufulu womwe anaupeza unadza ndi kusungulumwa kwake. Ramatoulaye anakhala, nazunzika zaka zisanu mwamuna osaponda pakhomo. Kukangana nawo bambowo sikuthandiza. Mkazi wawo awabwereke Stay With Me, momwe mwamuna akusimba yekha mbali yake, manyazi ake ndi bodza lomwe ananena poopa kunyozeka. Amuna ambiri sanaonepo zimenezo zitalembedwa. Chinanso chomwe chimachotsa kukayikira ndi kuchitira msonkhano poonekera, pakhonde masana, ndi kuweruka pa nthawi yomwe munanena.

Yambani mu Meyi kapena Juni, zokolola zitalowa m'nyumba, ndipo mabuku aatali muwathe isanafike Novembala. Kuyambira Disembala mpaka Febuluwale, anthu ali kumunda ndi kumadimba a mpunga, muzingowerenga nthano zazifupi, imodzi pa milungu iwiri, kuphatikizapo za Chichewa zomwe zimatuluka m'nyuzi za kumapeto a sabata. Buku lililonse mulipatse masamba 50. Mukafika pamenepo n'kupeza kuti oposa theka la gulu sakufuna kudziwa zomwe zichitike kutsogolo, libwezeni m'ndowa, lembani m'kope tsamba lomwe mwalekezera, n'kutenga lotsatira.